KUWONJEZA MPHAMVU NDI KUKONZEKERETSA TINDEGE TAMAGETSI TOUNIKIRA MINDA

Mawu oyamba

Mlangizi wa zaulimi amene akuyang'anira midzi yambiri sangathe kuponda munda uliwonse pa nthawi imene mbewu zili pa mavuto. Izi zinaonekera poyera pamene mbozi za ntchemberezandonda zochokera ku America, zimene zinapezeka koyamba mu Africa m'chaka cha 2016, zinafalikira m'minda ya chimanga ku Zambia, Zimbabwe, Malawi ndi Mozambique m'nyengo ya dzinja ya 2016/17. Zinaonekeranso pamene namondwe wa Idai mu 2019 ndi wa Freddy mu 2023 anamiza minda ndi kudula misewu, kotero kuti kudziwa kukula kwa chiwonongeko kunali kovuta. Kaamba ka ichi, malo ena a kafukufuku ndiponso mabungwe a zaulimi amagwiritsa ntchito tindege tamagetsi towongoleredwa ndi wailesi, timene timajambula minda kuchokera m'mwamba.

Tindege topangidwira ntchito yojambula mapu n'tokwera mtengo kwambiri. Motero ambiri amagula kandege wamba kamene anakapangira masewera, n'kukaikamo kamera, batire lalikulu ndi zipangizo zina. Njirayi ndi yabwino, koma ndi pomweponso tindege tambiri timawonongekera. Chilichonse chimene munthu wasintha pa kandege chimakhudza ziwalo zina zonse, ndipo ngozi zambiri zimene zimachitika m'mwamba zimakhala zitayambira pa tebulo pomwe kandegeko kamakonzedwera. Phunziroli likufotokoza zimene mlangizi ayenera kuyeza, kuwerengera ndi kutsimikiza kandege kasanachoke pansi.

Ziwalo za kandege

Mpaka m'zaka za m'ma 1990, tindege tamagetsi tinkauluka mphindi zowerengeka chabe chifukwa mabatire a NiCd anali olemera ndipo mamota anali ofooka. Zinthu zinasintha m'zaka zoyambirira za m'ma 2000 pamene kunafala mabatire opepuka otchedwa LiPo, mamota opanda mabulashi, kenaka mawailesi oyendera mafunde a 2.4 GHz amene sasokonezana wamba ngakhale anthu angapo akuulutsa pa malo amodzi.

Kandege ka mapiko kamasiyana ndi kaja ka mapulopela anayi kamene kamatha kuima malo amodzi m'mwamba. Pa kandege ka mapiko, mapikowo ndiwo amanyamula thupi, pamene mota imangokakoka kapena kukakankhira kutsogolo. Ichi n'chifukwa chake batire limodzi limakafikitsa kutali. Mu Novembala 2017, kandege kotchedwa EcoSoar, kamene anakalinganiza a sukulu ya Virginia Tech ndipo anakalumikiza ophunzira a ku Malawi ndi zipangizo zotsika mtengo, kanauluka makilomita 19 kuchokera ku chipatala cha Gogode kukatera pa bwalo la ndege la Kasungu. Derali ndi limene boma la Malawi ndi bungwe la UNICEF anatsegula mu Juni 2017 kuti likhale malo oyesera tindege totere.

Ziwalo zofunika kuzidziwa ndi izi. Batire limasunga magetsi. Kabokosi kotchedwa ESC kamalandira magetsi kuchokera ku batire n'kumawapereka ku mota molingana ndi mmene woulutsa wafunira. Mota imazungulitsa pulopela. Wailesi ya m'manja imatumiza malamulo kwa risiva imene ili m'kandege, ndipo risivayo imalamula timamota tating'ono totchedwa servo timene timasuntha timapiko towongolera. Timapikoti tilipo ta mitundu itatu: ta kumapeto kwa mapiko timene timapendeketsa kandege kumanja kapena kumanzere, kopingasa ka kumchira kamene kamakweza kapena kutsitsa mphuno, ndi koimirira ka kumchira kamene kamakhotetsa. Pa ntchito yojambula mapu amawonjezerapo kakompyuta kowongolera ulendo pamodzi ndi GPS. Ambiri amaikamo pulogalamu yaulere ya ArduPilot.

Kulemera

Chipangizo choyamba cha wokonza kandege ndi sikelo yoyeza magalamu, ngati ija yoyezera mbewu za m'minda yoyesera. Asanasinthe kanthu, ayeze kandege konse batire lili momwemo ndipo alembe m'buku.

Chitsanzo chimodzi chithandiza m'phunziro lonseli. Pali kandege kamene mapiko ake n'ngotalika mamita 1.4 ndipo kamalemera magalamu 1,100. Mlangizi waikamo kamera ya magalamu 150, kakompyuta ndi GPS zolemera magalamu 50, ndipo wachotsa batire laling'ono n'kuikamo lalikulu lolemera magalamu 130 kuposa loyambalo. Kandegeko tsopano kakulemera magalamu 1,430, kutanthauza kuti kulemera kwawonjezeka ndi magawo 30 pa 100 alionse, koma mapiko ndi omwe aja.

Kandege kalikonse kali ndi liwiro lochepetsetsa limene kangauluke nalo. Kakatsika kupitirira apo, mapiko amaleka kugwira mphepo ndipo kamagwa chamutu. Kulemera kukawonjezeka ndi magawo 30 pa 100, liwiro lochepetsetsali limakwera ndi magawo pafupifupi 14 pa 100. Kandege kamene kankatera pa liwiro la makilomita 30 pa ola tsopano kafuna makilomita 34 pa ola. Akuluakulu anati walira mvula walira matope. Wofuna batire lalikulu avomerezenso kuti kandege kadzafuna kuponyedwa mwamphamvu, kadzafuna bwalo lalitali lotererapo, ndipo mapiko adzapindika kwambiri pokhota. Ngati mapiko akuoneka ofewa, alimbitsidwe ndi kandodo ka kaboni kolowetsedwa m'litali mwake. Pobowola pansi kuti kamera ione, bowo lichepe ndipo m'mphepete mwake mumatidwe kathabwa kopyapyala. Guluu ayambe wayesedwa pa kachidutswa, popeza guluu wina ndi penti wina amasungunula zipangizo zopepuka zimene amapangira matupi a tindege.

Mpweya wa kumtunda

Malangizo amene amabwera m'katoni kawirikawiri amalembedwa mongoganizira malo otsika ndi ozizira. Madera ambiri a chigawo chino ali pamtunda. Mzinda wa Lilongwe uli pa mamita pafupifupi 1,050 kuchokera pa nyanja ya mchere, Lusaka pafupifupi 1,300, ndipo Harare pafupifupi 1,500, pamene Tete ndi Nsanje ali pansi pa mamita 200. Munthu akamakwera, mpweya umapepuka, ndipo kukatentha umapepukiratu. Pa mamita 1,500 kutentha kukafika madigiri 30, mpweya umakhala wopepuka ndi gawo limodzi mwa magawo asanu poyerekeza ndi wa m'mphepete mwa nyanja ya mchere pa madigiri 15.

Mpweya wopepuka umachita zinthu zitatu. Mapiko amafuna liwiro lowonjezereka ndi magawo pafupifupi 12 pa 100, pulopela imakoka mofooka, ndipo mota ndi ESC zimachedwa kuzizira. Kandege ka m'chitsanzo kaja, kamene kulemera kunakafikitsa pa makilomita 34 pa ola, pa malo otere kafuna makilomita 38 pa ola. Choncho kandege kamene kanayesedwa ku Chikwawa kapena ku Tete kasaulutsidwe ndi katundu yense pa tsiku loyamba kakafika ku Dedza, ku Angónia kapena ku Marondera. Kayambe kayesedwanso.

Mota, pulopela ndi ESC

Ziwalo zitatuzi pamodzi ndi batire zili ngati ng'ombe za pagoli. Posintha chimodzi, zinazo ziyenera kuonedwanso.

Pa mota pamalembedwa nambala yotsatana ndi zilembo za KV. Nambalayi imasonyeza maulendo amene mota yopanda pulopela imazungulira pa mphindi imodzi pa voliti iliyonse. Mota ya 1,000 KV pa mavoliti 11.1 imazungulira pafupifupi ka 11,100 pa mphindi. Mota ya KV yotsika imayenerana ndi pulopela yaikulu yozungulira pang'onopang'ono, ndipo imeneyi ndiyo yosunga batire pa ntchito yojambula. Pa pulopela pamalembedwa manambala awiri, monga 9x6. Yoyamba ndi utali wake m'mainchesi, yachiwiri ndi mtunda umene ikanayenda itazungulira kamodzi popanda kuterereka.

Cholakwika chofala ndi kuika pulopela yaikulu kapena batire la mavoliti ochuluka popanda kuyeza. Kutalikitsa pulopela ndi inchi imodzi yokha kumawonjezera kwambiri magetsi amene mota ikukoka, ndipo ESC ikapsa m'mwamba, nthawi zambiri risiva ndi maservo zimazimanso chifukwa zimalandira magetsi kudzera mu ESC yomweyo. Kandege kotero sikangawongoleredwenso. N'chifukwa chake pamafunika kachipangizo koyeza mawati, kamene amakalumikiza pakati pa batire ndi ESC. Mmodzi agwire kandege ali kumbuyo kwa pulopela, wina atsegule mphamvu yonse kwa masekondi 10, n'kuwerenga.

M'chitsanzo chija, kachipangizoko kasonyeza maampu 24 pa mavoliti 11. Pochulukitsa manambala awiriwa pakupezeka mawati 264, ndipo pogawa ndi makilogalamu 1.43 pakupezeka mawati 185 pa kilogalamu. Kandege konyamula kamera kamauluka bwino kakakhala ndi mawati a pakati pa 150 ndi 200 pa kilogalamu, ndipo kumtunda n'kwabwino kuyandikira 200. ESC ikhale yokhoza kupirira maampu ochuluka ndi gawo limodzi mwa magawo anayi kuposa amene ayezedwa. Pa maampu 24, ESC isachepere maampu 30. Iikidwe pamene mphepo ikudutsa, osaikulunga m'nsalu kapena m'thonje.

Mota yopanda mabulashi ili ndi mawaya atatu. Ikamazungulira chobwerera, mawaya awiri alionse asinthanitsidwe. Pulopela imangidwe manambala ake atayang'ana kumene kandege kakulowera, kaya mota ili kumphuno kapena kumbuyo. Pulopela yolemera mbali imodzi imanjenjemeretsa kandege, zithunzi n'kutuluka zosaoneka bwino. Iyezedwe pa kawaya kowongoka ndipo mbali yopepuka imatidwe katepi kufikira zitalingana. Pulopela yong'aluka itayidwe, isamatidwe.

Batire

Batire la LiPo limapangidwa ndi maselo. Selo lililonse limawerengedwa kuti ndi la mavoliti 3.7, koma likadzaza limafika pa 4.2. Batire lolembedwa 3S lili ndi maselo atatu, ndiye kuti mavoliti 11.1, ndipo lodzaza limasonyeza 12.6. Selo likatsika pansi pa mavoliti 3.0 limawonongeka. Nambala ya mAh imasonyeza kuchuluka kwa magetsi osungidwa, ndipo nambala ya C imasonyeza maampu amene batire lingapereke popanda kuvulala. Batire la 4,000 mAh ndi 20C lingapereke maampu 80 malinga ndi zolembedwazo, ngakhale kuti n'chinthu chanzeru kusafika n'komwe pa theka la nambalayi.

Nthawi youluka imawerengedwa chonchi. Batire lisagwiritsidwe ntchito kupitirira magawo 80 pa 100. Pa 4,000 mAh ndiye kuti 3,200 mAh. Ngati kandege kakukoka maampu 8 pouluka mwachikatikati, nthawi yake ndi mphindi 24. Pochotsapo nthawi yokwera, yobwerera ndi yoyesa kutera kawiri, patsala mphindi pafupifupi 15 zojambula. Kandege koyenda mamita 14 pa sekondi m'mizere yotalikirana mamita 60 kamajambula mahekitala 5 pa mphindi, ndiye kuti mahekitala 75 pa mphindi 15, ngakhale kuti mphepo ndi kukhota kumapeto kwa mizere zimachepetsako. Mlangizi akadziwa nambalayi sangalonjeze alimi a sikimu ya mahekitala 300 kuti ntchito itha ndi batire limodzi.

Batire la LiPo likabowoka, likaphwanyika kapena likatchajidwa mopyola muyezo limayaka moto wovuta kuzimitsa. Malamulo ake ndi awa:

1. Litchajidwe ndi tchaja ya LiPo yolinganiza maselo, pa maampu osapitirira kukula kwake. Batire la 4,000 mAh litchajidwe pa maampu 4 kapena ocheperapo.
2. Litchajidwe pa simenti kapena pa dothi, kutali ndi denga la udzu, mafuta a galimoto, matumba a feteleza ndi mankhwala a mbewu. Pafupi pakhale ndowa ya mchenga, ndipo munthu asachokepo.
3. Lisasiyidwe m'galimoto yotseka kapena pa dzuwa, makamaka mu Okutobala ndi Novembala.
4. Likakhala kuti siligwira ntchito kwa masiku angapo, lisungidwe pa mavoliti 3.8 pa selo. Losungidwa lodzaza limafufuma msanga.
5. Lofufuma kapena lophwanyika pa ngozi lisaulutsidwenso.

Oyenda pa ndege kupita ku misonkhano ya m'mayiko ena adziwe kuti mabatire apadera sanyamulidwa m'chikwama chopita ku malo a katundu, koma m'chikwama cha m'manja, mapulagi ake atakutidwa.

Malo olinganira kulemera

Aliyense amene ananyamulapo thumba la chimanga pa njinga amadziwa kuti thumbalo likakhala kumbuyo kwambiri, gudumu la kutsogolo limapepuka ndipo njinga siimvanso chiwongolero. Kandege nakonso kali ndi malo pamene kulemera kwa kutsogolo ndi kwa kumbuyo kumalingana. M'mabuku a malangizo malowa amawalemba ndi zilembo za CG. Pa kandege ka mapiko owongoka ndi mchira, malowa amakhala pakati pa gawo limodzi mwa anayi ndi gawo limodzi mwa atatu a mulifupi mwa phiko, kuyezera kutsogolo. Phiko la masentimita 24 mulifupi lili ndi malowa pakati pa masentimita 6 ndi 8. Pa tindege topanda mchira kapena ta mapiko opendekera m'mbuyo, atsatidwe malo amene wopanga analemba, chifukwa pa timeneti ngakhale theka la sentimita limasintha kaulukidwe.

Malowa alembedwe ndi cholembera pansi pa mapiko onse awiri. Kenaka kandege, kali ndi batire, kamera ndi zonse zimene kadzauluke nazo, kanyamulidwe pa nsonga za zala ziwiri pa zizindikirozo. Kakhale kowongoka kapena mphuno itatsika pang'ono. Kandege kolemera kumphuno kamafuna liwiro lalikulu ndipo kamatera mogunda, koma kamawongoleka. Kolemera kumchira kamadzutsa mphuno kokha, kamataya liwiro, n'kugwa woulutsa asanachite kanthu. Pa zolakwika ziwirizi, chachiwiri ndicho chimene chimapha tindege tambiri pa ulendo woyamba.

Pokonza, batire lisunthidwe kutsogolo kapena kumbuyo m'malo mowonjezera zitsulo zolemetsa. Malo ake akapezeka alembedwe, ndipo batire limangidwe ndi lamba kuti lisatsetsereke kandege kakamakwera. Kuyezaku kuchitike pa ulendo uliwonse, popeza mabatire awiri ooneka ofanana amatha kusiyana kulemera.

Wailesi ndi timapiko towongolera

Pa ntchito yonse ya pa tebulo, pulopela ikhale itachotsedwa. Mota yamagetsi siichenjeza, imangoyamba, ndipo pulopela imadula zala. Wailesi ya m'manja iyatsidwe poyamba, ndodo ya mphamvu ili pansi, kenaka batire la kandege lilumikizidwe. Pozimitsa, batire la kandege lichotsedwe poyamba.

Woyesa aime kumbuyo kwa kandege. Ndodo ikapita kumanja, kaphiko ka phiko la kumanja kakwere ndipo ka kumanzere katsike. Ndodo ikakokeredwa kwa iye, kaphiko kopingasa ka kumchira kakwere. Ndodo yokhotetsa ikapita kumanja, kaphiko koimirira kapite kumanja. Sikokwanira kuona kuti timapiko tikusuntha, chofunika n'kuona kumene tikulowera. Ngati muli kakompyuta kowongolera, payesedwenso kachiwiri ndodo zisakukhudzidwa: phiko la kumanja likapendeketsedwa pansi, kaphiko kake katsike, ndipo mphuno ikaweramitsidwa, kaphiko kopingasa kakwere. Kenaka kaphiko kalikonse kakokedwe pang'ono ndi zala pofuna kuona ngati mahinjesi ndi timawaya tokankhira zili zolimba.

Tinyanga tiwiri ta risiva tiikidwe mopingasana, kutali ndi batire, ESC ndi ndodo za kaboni, chifukwa zimenezi zimatchinga mafunde. GPS ndi kampasi zikhale pamwamba, kutali ndi mawaya akuluakulu a magetsi. Mawailesi ambiri ali ndi njira yochepetsera mphamvu poyesa mtunda. Woyesa achepetse mphamvuyo, ayende mapazi 30, ndipo timapiko tipitirize kumvera popanda kudodoma.

Chomaliza ndi kuuza kandege chochita mafunde akaduka. Pulopela ili yochotsa, mota iyatsidwe pang'ono, kenaka wailesi ya m'manja izimitsidwe dala. Pa kandege kopanda kakompyuta, mota iyenera kuima. Pa kamene kali nako, kayenera kulowa m'ndondomeko yobwerera pamene kananyamukira, ndipo msinkhu wobwererawo ukhale wopitirira mitengo, mawaya a magetsi ndi zitunda zonse za m'deralo. Kandege kamene sikanauzidwe chochita kamapitirira ulendo mpaka batire litatha.

Malamulo, malire ndi anthu a m'mudzi

Dziko lililonse lili ndi nthambi yoyang'anira za maulendo a pandege, ndipo kuulutsa kandege pa ntchito ya boma kapena ya bungwe sikuwerengedwa ngati masewera. Dziko la South Africa linakhazikitsa malamulo ake a tindege totere mu Julayi 2015, ndipo Zimbabwe inakhazikitsa ake mu 2018. M'mayiko ambiri, kandege sikaloledwa kupitirira mamita 120 kuchokera pansi, kuchoka m'maso mwa woulutsa, kuyandikira bwalo la ndege kapena malo a asilikali, ndiponso kuuluka pamwamba pa khamu la anthu. Chilolezo cha dziko lina sichigwira ntchito m'dziko linzake, choncho mlangizi afunse ku nthambiyo asanagule ndiponso asanawolotse kandege pa chipata. Maphunziro a kuulutsa anayambanso kuperekedwa m'chigawo chino. Sukulu ya African Drone and Data Academy inatsegulidwa ku Lilongwe mu Januwale 2020.

Alangizi a m'malire asamale mwapadera. Pakati pa Dedza ndi Ntcheu, msewu waukulu umayenda m'malire a Malawi ndi Mozambique, ndipo pakati pa Mchinji ndi Chipata minda ya mayiko awiri imayandikana. Kandege ka mapiko kamapitirira mapeto a mzere kasanakhote, motero kangathe kulowa m'dziko lina mlangizi asakudziwa. Polemba njira ya ulendo pa kompyuta, mizere ithere kutali ndi malire.

Chilolezo cha ku likulu sichilowa m'malo mwa kudziwitsa eni dera. M'midzi yambiri, chinthu chouluka chopanda munthu chimakumbutsa nkhani za ufiti, ndipo mphekesera zimathamanga kuposa kalata. Mu Sepitembala ndi Okutobala 2017, mphekesera za anamapopa zinafalikira m'maboma a Mulanje, Phalombe ndi Thyolo ndipo anthu angapo anaphedwa. Mlangizi ayambe wakaonekera kwa mfumu ndi komiti ya alimi masiku angapo tsiku lisanafike. Kandege kaonetsedwe kali pansi, anthu akagwire, aone kamera, ndipo auzidwe cholinga cha zithunzi, amene adzazisunge, ndi kuti si zolandira malo a munthu. Zithunzi zikatuluka zibwerere ku mudziwo kuti eni minda azione.

Tsiku loulutsa koyamba

Kuona maso a nkhono n'kudekha. Kandege kamene kasinthidwa kayesedwe pa chinthu chimodzi pa ulendo umodzi. Pa ulendo woyamba kamera isakwere. M'malo mwake muikidwe kathumba ka mchenga kolemera chimodzimodzi, komangidwa pa malo a kamerayo.

Bwalo likhale lalitali mamita osachepera 100 kulowera kumene mphepo ikuchokera, lopanda mitengo, zitsa, zulu ndi mawaya. Nthawi yabwino yoyesera ndi m'mamawa mphepo isanadzuke. M'miyezi ya mwera, kuyambira Meyi mpaka Ogasiti, mphepo imatha kukula dzuwa likakwera, ndipo m'chilimwe masana kumabuka akamvuluvulu. M'nyengo yomweyi udzu umakhala wouma, kotero kuti batire lophwanyika pa ngozi lingayambitse lupsa. Ndowa ya mchenga ipite nawo ku bwalo.

Pakhale anthu osachepera awiri. Woulutsa asachotse maso pa kandege. Mnzake ayang'anire ana ndi ziweto, ndege zina, ndi mbalame zolusa monga ziwombankhanga zimene nthawi zina zimalimbana ndi tindege. Oonerera onse aime kumbuyo kwa woulutsa. Munthu amene sanaulutsepo asayambire pa kandege ka ofesi. Ayambe waphunzira pa pulogalamu yoyeserera ya pa kompyuta, kenaka pa kandege kotsika mtengo, ali ndi wodziwa pambali pake.

Asananyamuke, mnzakeyo awerenge mokweza mndandanda uwu ndipo woulutsa avomere chimodzichimodzi: mapiko amangidwa, pulopela yalimba, batire ladzaza ndipo lamangidwa, kulemera kwalingana, timapiko tikulowera koyenera, mtunda wa wailesi wayesedwa, GPS yapeza malo, bwalo layera.

Kandege kaponyedwe molunjika mphepo, mapiko ali olingana, mphuno ili yowongoka osati yoloza kumwamba. Kakakwera mamita 50 kapena kuposerapo, woulutsa akonze timapiko kufikira kandege katauluka mowongoka ndodo zitasiyidwa. Ali pamwamba pomwepo achepetse mphamvu pang'onopang'ono kuti aone liwiro limene mapiko amalekera kugwira mphepo, popeza n'kwabwino kulidziwira m'mwamba kusiyana ndi pafupi ndi nthaka. Pakatha mphindi zisanu katere, molunjikanso mphepo. Mota, ESC ndi batire zikhudzidwe. Ngati chala sichingapirire masekondi asanu, pulopela ichepetsedwe kapena mphepo ipatsidwe njira. Magetsi amene tchaja yabwezera m'batire alembedwe m'buku pamodzi ndi tsiku, malo, kulemera, pulopela ndi mphindi, chifukwa nambala imeneyi ndiyo imatsimikiza kuwerengera kwa nthawi youluka kuja. Maulendo atatu akatha popanda vuto, kamera ikwere.

Zimene chithunzi sichingaonetse

Pojambula mapu, chithunzi chilichonse chibwereze magawo pafupifupi 75 pa 100 a chinzake cha m'mbuyo ndi magawo 60 pa 100 a cha m'mbali, kuti mapulogalamu onga OpenDroneMap athe kuzilumikiza. Pa mamita 120, kamera wamba imaonetsa zinthu za masentimita atatu kapena anayi ngati kadontho kamodzi. Izi n'zokwanira kuyeza kukula kwa munda, kuona pamene mbewu sizinamere, pamene madzi adikha, ngalande zogumuka ndi zigawo zachikasu. Koma chithunzi sichinena ngati chikasucho chadza ndi kusowa kwa chakudya m'nthaka, kaufiti, madzi kapena matenda, ndipo mbozi yobisala m'nsonga ya chimanga siioneka. Kandege kamangoloza kumene mlangizi apite. Akafika, ayendebe m'munda mokhotakhota ngati chilembo cha W, kuima malo asanu ndi kuyang'ana mapesi khumi pa malo alionse, monga bungwe la FAO limalangizira pa kafufuzidwe ka ntchemberezandonda.

Mafunso obwereza

1. Kodi n'chifukwa chiyani kandege kamene kanauluka bwino ku Tete kangavute kunyamuka ku Harare masana a mu Okutobala?
2. Kandege kolemera makilogalamu 1.6 kasonyeza maampu 20 pa mavoliti 11. Kodi kali ndi mawati angati pa kilogalamu, ndipo ESC yake isachepere maampu angati?
3. Batire la 3,000 mAh lili pa kandege kokoka maampu 9. Kodi kangauluke mphindi zingati popanda kupitirira magawo 80 pa 100?
4. Phiko lowongoka ndi la masentimita 21 mulifupi. Kodi zizindikiro za malo olinganira kulemera zilembedwe pati?
5. Kodi mfumu ndi alimi ayenera kuuzidwa zinthu ziti kandege kasanauluke pamwamba pa minda yawo?